Bwalo langa, tsache la mayi a ana ndi madzi a eni

Nyumba yathu ili ku Machinjiri, kuseri kwa phiri la Ndirande, pamalo otsetsereka. Tidalowamo mu 2009 mazenera ena tikutseka ndi makatoni, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mpaka 2023 ndalama iliyonse yomwe inkapezeka inkathera m'kati: pulasitala, siling'i, magetsi, fizi ya ana. Bwalo lakumaso sindidaliganizirepo. Lidali dothi lofiira la katondo, mtengo umodzi wa mango chakumpanda ndi chingwe choyanikapo zovala. Mayi a ana ankalisesa m'mawa uliwonse dzuwa lisadatuluke, moti ine ndikamapita kokwera minibasi ndinkachita manyazi kuponda mizere ya tsache lawo.

Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, ife tidapulumuka. Anzathu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, adataya abale, nyumba ndi katundu, kotero zathuzi sindingayerekeze kuzitchula kuti ngozi. Koma masiku amene mvula idagwa osalekeza aja, madzi adadutsa pabwalo pathu ngati apeza msewu wawo. Kutayera tidapeza kakhwawa kolowa mkono mpaka m'chigongono, kochokera kumpanda wakumtunda, kudutsa pafupi ndi khonde, n'kukatulukira kumunsi. Sitepe yapansi idatsala ili lende, pansi pake pali mphako. Pakhonde padali mng'alu woti pensulo n'kulowa. Ndidauza a m'nyumba kuti tikonza mvula ikatha. Mvula idatha, chisanu chidabwera n'kupita, kakhwawa kaja tidangokazolowera, n'kuyalapo thabwa lodutsira.

Mu August ankhoswe a mbali ziwiri adamvana kuti chinkhoswe cha mwana wathu woyamba chidzachitike Loweruka lomaliza la November, pa 25. Mwanayo adakanitsitsa zoti tikachite lendi holo monga achitira ambiri masiku ano. Adati tambala ndi msoti akufuna zidzasinthanidwe pakhomo pomwe adakulira. Madzulo a tsiku limenelo ndidaima pageti n'kuyang'ana bwalo langa ndi maso a mlendo, ndipo ndidaona zomwe akuchimuna adzaone: thabwa, khwawa, sitepe yolendewera.

Amene mumakhala m'tauni mukudziwa kuti kuyambira August mpaka November munthu sukhala ndi Loweruka lako. Uku ukwati wa mnzako wakuntchito, uku chinkhoswe cha mwana wa akumpingo, uku kumudzi akuumba chiliza cha agogo ndipo dzina lako lili pamndandanda wa osonkha. Lamulungu masana ndi misonkhano ya komiti. Kumunda nako kukufunika kusosa ndi kugalauza mizere mvula isadagwe. Nditawerenga pakalendala ndidapeza kuti kuyambira kumayambiriro kwa September ndili ndi Maloweruka 12 tsikulo lisadafike, ndipo 7 mwa iwo adali ndi eni ake kale.

Munthu ukakhala pachangu umayambira chomwe chimaoneka. Ndidaitanitsa tipa ziwiri za dothi lakuda la kudambo, aganyu adakwirira khwawa lija n'kusalaza bwalo lonse. Kwa anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu ndidagula matumba a kapinga ndi maluwa a m'machubu. Pofika pakati pa September bwalo lidali litadzalidwa, ndipo odutsa ankati, "Koma bambo mwatsimikiza." Ndinkamva kukoma.

Kenako October adabwera ndi dzuwa lake. Kapinga wongodzala kumene amafuna madzi m'mawa ndi madzulo, pomwe kwathu miyezi imeneyo mpopi nthawi zambiri umalankhula usiku. Ndinkadzuka 2 koloko kudzaza migolo, 5 koloko n'kumathirira ndi kheni, kenako kusamba kupita kuntchito maso ali psu. Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, n'kukwera mtunda wonse uja kudzafika m'mapiri muno. Kuthirira udzu ndi madzi otere kuli ngati kudyetsa nkhuku mpunga wa Kilombero. Bilu itabwera, mayi a ana adangoiika pafupi ndi mbale yanga ya nsima osanena kanthu. Nkhuku za aneba zidapeza kuti pakhomo panga pali chinyezi, n'kumabwera kudzapalasa. Chiswe nacho chidalowa m'manyowa omwe ndidathira pamaluwa. Patatha milungu inayi, gawo lalikulu la kapinga lidali litasanduka udzu woti n'kukolezera moto.

Ndi m'masiku amenewo mmene alamu anga adabwera kuchokera ku Chiradzulu. Iwowa ndi achimwene awo a mayi a ana, ndiwo nkhoswe ya mwanayo, ndipo ndi mlimi amene moyo wake wonse walima pamtsetse. Adabwerera nkhani ya chinkhoswe, koma titatha kudya adatenga ndodo yawo n'kuyamba kuzungulira nyumba. Udzu wanga adangouyang'ana kamodzi. Adaima pakona ya khonde n'kugogoda khoma chapansi.

"Alamu, nyumbayi mudaimanga pamwamba chonchi?"

Ndidati sindikumva.

"Izi ndikugogodazi ndi njerwa za maziko. Mizere itatu ili pamtunda. Mmene munkalowa m'nyumbayi masitepe adali angati?"

Apa m'pamene mutu wanga udaima. Mu 2009 sitepe idali imodzi. Patapita zaka ndidaitana mmisiri kuti awonjezere ina chifukwa ana ankavutika kukwera. Patapitanso zaka zina ndidawonjezera yachitatu apongozi atadandaula za mawondo. Kawiri konse ndidalipira simenti, osadzifunsa kuti kodi nyumba ikukula msinkhu kapena bwalo ndilo likutsika. Titayesa ndi tepi tidapeza kuti pansi padatsika ndi masentimita pafupifupi 25.

Alamu adati dothilo lidachoka ndi zinthu ziwiri. Madzi otsika pamalata amamenya malo amodzimodzi chaka ndi chaka n'kufewetsa nthaka, ndiye tsache limabwera m'mawa kudzatenga zomwe zafewazo. Tsiku limodzi ndi kadothi kodzaza manja, koma zaka 14 ndi masiku oposa 5,000.

Mayi a ana adali pakhomo la khitchini, ndipo adamva zonse.

"Achimwene, ndiye mukuti nyumbayi ndikuigwetsa ndine? Amayi ankasesa, agogo ankasesa, nyumba yawo idagwa liti?"

Pano ndiyenera kuwaikira kumbuyo, chifukwa adali ndi mfundo. Bwalo losesa mbee si nkhani ya ulemu wokha, ngakhale kuti ulemuwo ulipo ndipo mayi amaweruzidwa nawo. Pabwalo loyera njoka siyenda mobisala, mkukuluzi wake umaoneka m'mawa. Zinkhanira zilibe pobisala. Moto wolusa wa m'chilimwe umathera m'mphepete. Ndi pomwe amayanika mphale ndi ufa, ndi pomwe ana amasewera fulaye. Makolo sadali opusa. Koma alamu adawakumbutsa chinthu chimene ife a m'tauni tidaiwala. Nyumba ya amayi awo idali yofolera ndi udzu, ndipo udzu umatsitsa madzi pang'onopang'ono. Komanso chaka chilichonse amayi ankapita kukakumba dothi n'kudzazira khonde ndi m'mbali mwa nyumba. Chimene tsache linkachotsa, kuzira kunkabweza. Ife tidatenga tsache kubwera nalo m'tauni, kuzira tidakusiya kumudzi, pamwamba n'kuikapo malata.

Mayi a ana sadayankhe, koma tiyi wa madzulo amenewo ndidadzithirira ndekha.

Za malatazi ndidakhala pansi n'kuwerengera, ndipo aliyense angathe kuwerengera denga lake. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Denga lathu ndi mamita 10 mulitali ndi 9 mulifupi. Mvula ya mamilimita 20, imene si yodabwitsa m'dzinja, imatsitsa malita 1,800 padenga limeneli. Zimenezo ndi zigubu 90 za malita 20, ndipo theka lake limagwera kumaso. Tangoganizani anthu 45 ataima pamzere, aliyense n'kukhuthula chigubu patsinde pa khoma lanu. Mungaitane apolisi. Koma ine ndidakhala ndikuonerera zimenezi zaka zonsezi ndili pakhonde, ndikukukuta chimanga chootcha.

Ndipo amenewo adali madzi anga okha. Aneba akumtunda zaka zingapo zapitazo adawaka bwalo lawo lonse ndi simenti, n'kumanga mpanda wa njerwa, pansi pake n'kusiya mabowo atatu oloza kwathu. Pabwalo la simenti palibe dontho limene limalowa pansi. Madzi a padenga lawo ndi a pabwalo lawo onse ankatulukira m'mabowo amenewo, kudzakumana ndi anga, n'kutsetserekera kwa mayi wina wamasiye amene amakhala kumunsi kwathu. Umu ndi mmene timakhalira m'mapiri a Blantyre: aliyense amakankhira madzi kwa mnzake, ndipo wakumunsi kwenikweni ndiye amagona ataimirira.

Alamu atabwerera, ine ndidazengerezabe, poti Loweruka lotsatira kudali ukwati. Kumapeto kwa October kudagwa chizimalupsa. Siidathe ndi ola lomwe. Koma akuluakulu sadaname kuti madzi saiwala khwawa. Adadutsa ndendende momwe adadutsa nthawi ya Freddy, ndipo dothi lakuda lomwe ndidagula lija, popeza lidali losatsendera, lidanyamuka ngati ufa, pamodzi ndi kapinga wotsala ndi maluwa ena.

M'mawa kudakali chisisira ndidamva odi pageti. Adali mayi akumunsi aja, atafunda chitenje.

"Pepani bambo ndakudzutsani. Ndimati mubwere mudzatenge dothi lanu. Latseka chitseko cha khitchini, ana akufuna phala."

Sadakweze mawu. Ndikadakonda akadanditukwana. Ndidatenga fosholo ndi wilibala, ine ndi mnyamata wanga wotsiriza, n'kukatuta matope pakhomo pa eni, anthu opita kuntchito akudutsa n'kumatipatsa moni. Tidatuta mawilibala 11. M'matopemo ndinkapezamo timachubu ta maluwa anga. Tsiku limenelo ndidafika kuntchito mochedwa, ndipo masana ndidaimbira foni alamu kuti abwerenso, thiransipoti ndilipira ine.

Atafika sadafunse za mtundu wa maluwa amene ndikufuna. Adati tiyende motsata mapazi a madzi, kuyambira pamabowo a aneba mpaka pakhomo pa mayi aja. Matope adali atajambula njira yonse, moti padalibe chotsutsana. Mawu awo adali akuti madzi a eni apatsidwe njira yoti adutse osawononga, madzi anga ndiwagwire ndisadawataye, ndipo otsalawo achedwetsedwe kuti alowe pansi. Udzu ndi maluwa, adatero, ndi nkhani ya December. "Palibe mlimi amadzala mu September n'kumadabwa kuti mbewu yapsa."

Kupeza mmisiri nthawi imeneyo ndi ntchito payokha. Aliyense amene ali ndi khoma losafolera amathamangira kuti amalize mvula isadayambe, ndipo amisiri ena amakhala ali kumidzi ndi ziliza. Amene ndidamupeza adayang'ana bwalo n'kunena kuti njira yachidule ndi kuwaka ngalande yowongoka n'kuboola mpanda wakumunsi. "Bwana, onse amatero. Madzi akatuluka pamalo panu si anunso." Ndikadapanda kututa mawilibala 11 aja, mwina ndikadavomera, chifukwa njira yakeyo idali yotsika mtengo. Ndidamuuza kuti ngalande iyambire pamabowo a aneba, itsate mpanda wakumtunda chopingasa, ikathire mumngalande wa m'mbali mwa msewu. Idali yaitali kuwirikiza kawiri, ndipo idafuna kuyeza bwino kuti madzi asabwerere.

Poyeza adatulutsa kapayipi koonekera m'kati, n'kuthiramo madzi. Munthu mmodzi amagwira mbali iyi, wina mbali inayo, ndipo pomwe madzi aima m'mbali zonse ziwiri ndiye kuti mpofanana msinkhu. Alamu adaseka, adati nzeru yake ndi yomweyo imene alangizi adawaphunzitsa poika akalozera kumunda. Anthu awiriwa, amene poyamba ankayang'anizana ndi diso la nkhwezule, adagwirizana kuti pa mita iliyonse ngalande izitsika masentimita awiri kapena atatu. Pansi pake tidayalamo miyala yomwe tidagula kwa amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, simenti n'kungothira m'mipata.

Kukhoma la nyumba tidabwezeretsa dothi la katondo, osati lakuda lija, mpaka njerwa za maziko zidabisika. Apa alamu adaumirira kuti tizithira pang'ono, kuwaza madzi, kutsendera ndi chipika, kenako kuthiranso. Ntchito yotopetsa, ndipo aganyu ankafuna kungokhuthula zonse kamodzi. Pamwamba pake mmisiri adawaka kakhonde ka simenti ka mita imodzi mulifupi, kopendekera kunja, kuti madzi asamaime patsinde pa khoma. Masitepe awiri amene ndidawonjezera aja adakwiririka. Kudenga lakumaso tidamangirira ngalande ya lata yotsikira m'migolo iwiri, ndipo migolo ikadzaza, osefukirawo amapita kudzenje lomwe tidakumba pakati pa bwalo chakumunsi, kutali ndi nyumba komanso kutali ndi chimbudzi. Dzenjelo ndi lofika m'chiuno, lodzaza miyala ndi zidutswa za njerwa.

Mmisiri adawerengera matumba 14 a simenti. Ndidagula 8 kumayambiriro kwa November, otsalawo ndidati ndigula ndalama ya kubanki m'khonde ya mayi a ana ikatuluka. Pa 9 November 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene mudali ndi ntchito yomanga m'manja sabata imeneyo mukukumbuka. Ndidayenda m'mashopu angapo, ena ankati simenti yatha, ena ankati ilipo koma mtengo sadaudziwe, ndibwere mawa. Mmene mtengo unkadziwika, ndalama ya matumba 6 idakwanira ochepa, ndipo mbali inayi kudali mpunga, mafuta ophikira ndi nkhuku za chinkhoswe, zonse zitakwera tsiku limodzi.

Chomwe chidagwa pamapulani ndi kanjira ka simenti kochokera pageti kufika pakhonde, kamene ine ndinkakafunitsitsa chifukwa ndi komwe alendo akadaona. M'malo mwake tidayala mchenga n'kundandalikapo zidutswa za njerwa. Zidutswazi sizidavute kupeza, poti mipanda yambiri idagwa nthawi ya Freddy ndipo eni ake ankangofuna wozichotsa. Njerwa zatsopano zootcha sindidafune kugula. Boma lidaziletsa mu 2018 pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ngakhale lamulolo silikhudza kanjira ka pakhomo panga, munthu amene amadzuka n'kuona phiri la Ndirande lili mbee safunika kuuzidwa kawiri. Ndinkaona ngati ndasauka nako kanjirako. Lero ndimaona kuti kadandikomera, chifukwa madzi amalowa m'mipata ya njerwazo m'malo mothamanga. Kakadakhala ka simenti ndikadangokhala ngati aneba akumtunda.

Ntchito ili pakati, mmisiri adapempha kuti ndimupatseko theka la ndalama zake, akuti mwana wadwala. Ndidamupatsa Lachisanu. Lolemba sadabwere, Lachiwiri foni idali yozimitsa. Mnyamata wake wonyamula matope ndiye adandiululira kuti bwana ali ku Thyolo, akumaliza chiliza chimene adalandirira ndalama kalekale. Adabwera patatha masiku asanu, akuseka, atanyamula nthochi. Ndidafuna kumuthamangitsa, koma kudatsala masiku 10, ndipo wina ndikadamupeza kuti? Nthochizo tidadya. Ndalama yotsalayo adaiona tsiku lomwe adatsuka zida zake.

Chinthu china chimene sindinkadziwa n'choti simenti silimba chifukwa chouma. Imalimba ikakhala ndi chinyezi, ndipo imafuna kuthiriridwa kwa masiku osachepera 7. Padzuwa la November ukangoisiya, madzi amathawa msanga, pamwamba n'kuchita ming'alu. Tinkaifunditsa masaka akale ndi udzu wouma wa kapinga uja, umene pomaliza udapeza ntchito, n'kumanyowetsa katatu patsiku. Apa padabuka nkhondo ina, chifukwa migolo yomwe ndinkadzaza usiku amayi ankaifunanso pokonzekera thobwa. Tidagawana: mgolo umodzi wa simenti, wina wa kukhitchini, ndipo madzi otsukuluzira zovala asatayidwe. Loweruka lina tonse tidapita kuukwati, n'kusiyira mnyamata wotsiriza uja ntchito yothirira. Iye adapita kukaonera mpira. Chigawo chimene chidawakidwa dzulo lake chili ndi timing'alu ngati ukonde mpaka lero, ndipo ndikafuna kumukumbutsa kanthu ndimangomuitanira pamenepo.

Mng'alu wa pakhonde uja mmisiri adaukuza ndi tchizulo n'kuumata. Alamu adalemba ndi pensulo pomwe udathera mbali zonse ziwiri, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana mwezi ndi mwezi. Ukapitirira malirewo kapena kukwera khoma la nyumba, adati, imeneyo si ntchito yomata ayi, ndikafune munthu wodziwa za maziko. Mpaka pano sudasunthe.

Tsiku la chinkhoswe lidafika pabwalo palibe ndi tsamba limodzi la kapinga. Mayi a ana adadzuka 4 koloko, adawaza madzi n'kusesa bwalo lonse monga mwa masiku onse, ndipo palibe adayerekeza kutchula za maziko. Tidayala mphasa, mipando tidabwereka kutchalitchi, tenti idaima pomwe padali khwawa. Akuchimuna adalowa ndi nyimbo podutsa pakanjira ka zidutswa kaja. Adabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti mnyamata asankhe wake, anthu adafupa, tambala ndi msoti zidasinthana manja, alamu adalankhula mawu awo ngati nkhoswe. Palibe mlendo amene adafunsa za maluwa. Mayi akumunsi aja adali kuseri pamodzi ndi amayi anzawo, akutakasa mphika wa mpunga.

Mvula yeniyeni idabwera patapita masiku angapo, usiku. Ndidadzuka, ndidatenga tochi n'kukaima pakhonde nditavala kabudula. Madzi a aneba adatuluka m'mabowo awo mwaukali monga kale, adagwera mungalande, adakhota n'kulunjika kumsewu. Migolo idadzaza mofulumira kuposa mmene ndinkaganizira, moti ndidadandaula kuti bwanji ndilibe inayi. Dzenje lidameza kwa kanthawi, kenako lidadzaza, madzi pang'ono n'kuyamba kuyenderera chakumunsi. Sadali ambiri, koma adalipo. M'mawa ndidapita kukazonda. Mayi aja adati pakhomo padangonyowa, matope sadafike.

Otsalawo ndiwo adali ntchito ya vetiva. Chapakati pa December, nyengo yodzala mitengo m'dziko muno itangotsegulidwa, alamu adatumiza masaka awiri a udzuwu paminibasi, wozula m'makalozera a m'munda mwawo. Tidaudula masamba n'kutsala ngati chikhatho, tidaugawa timagulu, n'kudzala mizere iwiri yopingasa mtsetse, wina kumunsi kwa dzenje, wina m'mphepete mwa mpanda, timagulu tikutalikirana masentimita 10 mpaka 15. Ubwino wa vetiva ndi woti mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo safalikira m'mbali ngati udzu wina. Akakula amalukana n'kukhala ngati sefa: madzi amadutsa pang'onopang'ono, dothi limatsala.

Kapinga ulendo uno sindidagule. Mnzanga wakumpingo adandilola kuzula timphukira m'mphepete mwa bwalo lake, tidadzala mvula ikugwa, ndipo adagwira popanda kheni. Pakati pa mizere ya vetiva mayi a ana adadzalapo mbatata, akuti udzu sadya. Mbatatayo idayanga n'kuphimba nthaka bwino kuposa maluwa aliwonse amene ndidagula, ndipo kholowa timathyola pomwepo. Mitengo tidadzala itatu yokha: peyala, ndimu ndi chammwamba, yonse kutali ndi khoma. Wina adandipatsa mbande za bulugamu ndi malayina, ndidazipititsa kumudzi. Mitengo imeneyo pabwalo laling'ono ngati langa mizu yake ikadadzafika kumaziko omwe ndangowakwirira kumene.

Sikuti zonse zidayenda. Dzinja limenelo lidali la El Niño, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kudachita ng'amba yoti chimanga chidafota m'minda, mpaka mu March boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Pamene anthu ankalira chakudya, ine sindikadathirira udzu ndi madzi a pampopi. Kapinga adafiira, ndimu idauma, ndipo mzere wakumtunda wa vetiva udachita mipata imene tidabwezeretsa dzinja lotsatira. Peyala lidapulumuka ndi madzi otsukira mbale. Kapinga uja mvula itabwerera adadzukanso yekha.

Nkhani ya tsache tidaimaliza mwa mtendere, ngakhale idatenga nthawi. Pansi pa mango, pomwe kapinga sangamere chifukwa cha mthunzi, ndi malo a mayi a ana. Tidazunguliza ndi mzere wa njerwa kuti dothi lisatuluke. Amasesa m'mawa uliwonse, amayanikapo ufa, ndipo alendo awo amakhala pamenepo. Zinyalala sakutayanso kumsewu, zimapita kudzenje la manyowa kuseri. Chilimwe chilichonse ndimathirapo wilibala imodzi ya katondo n'kutsendera. Iwo amati ndikuwononga nthawi, koma amandisonyeza okha pomwe patsika. Njoka idapezekapo kamodzi muvetiva, yaing'ono, ndipo kwa sabata yathunthu nkhani patebulo idali yomweyo. Kuyambira pamenepo udzuwo ndimaumweta ukafika m'mawondo.

Ngalande imafuna kuchotsa mchenga ndi mapepala a pulasitiki mvula isadayambe, ndipo mngalande wa kumsewu ukatsekeka, ntchito yanga yonse imabwerera m'mbuyo. Ndidayesa kuuza anzanga a mumzere wathu kuti tizigwirizana Loweruka limodzi mu October tiziukonza tonse. Chaka choyamba tidabwera anthu anayi, chaka chachiwiri awiri, ine ndi mwana wa mayi akumunsi aja.

Sabata yatha ndaona tipa ikutsitsa mchenga kwa aneba akumtunda. Akumanga nyumba ina ya lendi kuseri, ndipo mmene maziko akhalira, denga lake lidzatsetserekera kwathu. Ngalande yanga idayezedwa ndi denga limodzi. Ndawauza mayi a ana kuti Loweruka likubwerali ndipita kukacheza nawo anebawo, ndikawafotokozere za zigubu 90 zija, mwina n'kuwatengerako vetiva pang'ono. Iwo andikumbutsa kuti Loweruka kuli ukwati ku Bangwe, ndipo tcheyamani wa komiti ya zakudya ndine.